Mtengo wa mapeyala wosabala: momwe mungamezanitsire wanu kuno ku Harare

Funso ili ndalimva kokwanira. Tikatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, tikakumana pamaliro ku Mabvuku, ngakhale pamzere wa kombi, pamapezeka wina wondikokera pambali. "Achimwene, mtengo wanga wa mapeyala watha zaka 9, watalika kupitirira denga, koma chipatso olo chimodzi. Kodi ndiukhome misomali?" Wina amati wake ukubala ndithu, koma zipatso zake n'zamadzimadzi, zaulusi, njere yaikulu mnofu pang'ono, chikhalirecho njereyo anaichotsa m'peyala lokoma limene anagula ku Mbare Musika. Poyankha pamsewu ndimaiwala zina, choncho lero ndalemba zonse pamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Gwero la vuto ndi limodzi. Mtengo womera kuchokera ku njere ndi mwana, ndipo mwana safanana ndendende ndi mayi wake. Njuchi imene inatera pa duwa lija inabwera ndi mungu wochokera kumene inu simukudziwa. Njereyo ikamera, mumakhala mukudikira mtengo wachilendo, umene ungatenge zaka 7, 10 kapena kuposa usanabale, ndipo kukoma kwake mudzakudziwa tsiku lodya. Mtengo womezanitsa umayamba kubala patatha zaka 3 kapena 4, ndipo chipatso chake chimakhala chomwechija cha mtengo umene munatengako nthambi.

Peyala kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Mtundu wa Hass, wa khungu lokhakhala limene limada likapsa, unayamba ndi njere imene Rudolph Hass, munthu wogawa makalata wa ku California, anabzala ku La Habra Heights m'ma 1926, n'kulembetsa mtunduwo m'dzina lake mu 1935. Mtengo woyambawo unadwala matenda oola mizu n'kudulidwa mu 2002, koma mtengo uliwonse wa Hass padziko lapansi, kuphatikizapo ya m'minda ya ku Chipinge, ndi nthambi ya mtengo umodziwo imene yakhala ikuyenda m'manja mwa omezanitsa. Palibe amene anapeza Hass pobzala njere ya Hass. Fuerte, wosalala wobiriwira wooneka ngati chikho chaching'ono, anachokera ku Atlixco ku Mexico mu 1911, ndipo dzinalo, limene m'Chisipanishi limatanthauza wamphamvu, analipatsidwa atapirira chisanu choopsa cha mu 1913 ku California. Mitundu iwiriyi imachita bwino kumalo okwera ngati Harare, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500.

Tigwirizane kaye pa mawu. Mapeyala ndi amene anzathu a Chishona amati makotapeya. Kumezanitsa ndi kulumikiza nthambi ya mtengo wina pa mtengo wina kuti zikhale thupi limodzi, ndipo ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu amangoti grafted. Mbande yokhala ndi mizu, imene ikulandira mlendo, ndiziitcha tsinde. Chidutswa chimene mwadula ku mtengo wabwino ndizichitcha kanthambi. Timaso ndi tizotupa tating'ono ta pakati pa tsamba ndi nthambi, mmene mphukira zimatulukira.

1. Yambani ndi malo, osati ndi mbande

Ambiri a ife mabwalo athu ndi aang'ono, ndipo peyala ndi mtengo waukulu. Pezani malo a dzuwa otalikirana ndi nyumba mamita osachepera 5, kutali ndi paipi ya zonyansa, kutalinso ndi durawall, mpanda wa simenti, ya aneba kuti pasadzabuke mlandu patsogolo. Ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanakumbe.

Mdani wamkulu wa peyala ndi madzi odikha. Mizu yake imafuna mpweya, ndipo ikakhala m'matope masiku ochepa chabe imagwidwa ndi matenda aja anapha mtengo wa Hass, amene akatswiri amati Phytophthora. Mtengo umayamba kuoneka wofota ngati ukufuna madzi, mwini wake amathirira kwambiri, n'kuumaliza. Harare anamangidwa pakati pa madambo ambiri, ndipo nyumba zina zatsopano zili m'dambo mwenimweni, pa dothi lakuda lamakande limene limang'aluka m'chilimwe. Yesani chonchi. Kumbani dzenje lofika m'bondo, mulidzaze madzi madzulo. Mukapeza madzi akadalimo mawa lake, pamenepo si pa peyala. Bzalanipo nthochi, mabulosi kapena gwafa. Katondo wofiira wa kumpoto kwa mzinda ndi wabwino. Mchenga wa kumwera, monga ku Epworth ndi ku Chitungwiza, umalolanso, kungoti umafuna manyowa ambiri ndi kuthirira pafupipafupi.

2. Fesani njere za tsinde, cha m'Malichi kapena Epulo

Apa njere ya mtengo wamba ikugwira ntchito, chifukwa chimene mukufuna kwa iyo ndi mizu basi. Funani mtengo wakale wa m'dera lanu lomwelo, wa masamba obiriwira bii, umene wapirira chisanu ndi chilala cha kuno zaka zambiri. Thyolani chipatso chokhwima mumtengo. Zotola pansi zisiyeni, chifukwa zimabwera ndi matenda a m'dothi. Njere ya peyala sisungika. Ikauma yafa, choncho ifeseni pasanathe masiku owerengeka chiitulutsireni. Sendani kakhungu kake kofiirira, muike m'chubu chachitali kapena m'chigubu cha malita 5 chimene mwachiboola mabowo ambiri pansi. Kunsi kwa njere, kophwatalala kuja, kuyang'ane pansi, nsonga iyang'ane kumwamba ndipo izionekera pang'ono pamwamba pa dothi. Dothi lake sakanizani la pamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino.

Zoika njere m'kapu ya madzi itabayidwa timitengo n'zabwino kusangalatsa ana, koma mizu yomera m'madzi imavutika ikapita m'dothi.

Fesani njere 10, ngakhale mukufuna mtengo umodzi. Zina sizimera, zina zimamera zopindika, ndipo pa kumezanitsa zina zidzakana. Zimamera pakatha masabata 4 mpaka 8. M'nyengo yozizira zisungeni pakhonde pofika dzuwa la m'mawa. Tsinde limakhala lokonzeka likanenepa ngati pensulo, ndipo mukafesa m'Malichi nthawiyo imagwera cha m'Sepitembala kapena Okutobala, pamene kunja kwafunda ndipo mitengo yadzuka.

3. Sankhani mtengo wotengako kanthambi

Musatenge kanthambi pa mtengo umene mwangouzidwa kuti ndi wabwino. Tengani pa mtengo umene chipatso chake munadyapo nokha, ndipo mukudziwa kuti umabala chaka ndi chaka. Ambiri a ife timagwira ntchito m'minda ya maluwa ya kunyumba za ku Highlands, Borrowdale ndi Mount Pleasant, kumene kuli mitengo yakale ya Fuerte ndi Hass. Pemphani kwa eni ake, timitengo tiwiri titatu sangakukanizeni. Ndipo ngati agogo ena ku Highfield ali ndi mtengo wopanda dzina umene aliyense mumsewu amauyamikira, umenewo ndiye ine ndingayambire, chifukwa wasonyeza kale kuti nyengo ya kuno inauyanja.

Yang'anitsitsani zipatso ndi nthambi zake zanthete. Mukaona mizere yachikasu yolowa m'kati ngati zipsera, mtengowo uthaweni. Amenewo angakhale matenda otchedwa sunblotch, amene amayenda ndi nthambi, njere ndi mpeni, ndipo alibe mankhwala.

Kanthambi kabwino kamachokera kunja kwa mtengo kumene kumawomba dzuwa, ku nsonga ya nthambi imene yasiya kukula, masamba ake akhwima n'kuda. Kakhale kolimba, kosapindika ngati mphira mukakapinda, kokhala ndi timaso tonenepa koma tosatseguka. Nsonga imene ikutulutsa masamba ofiira anthete ndi yosakhwima, imafota tsiku lomwelo. Samalaninso ndi timaso tozungulira totupa kwambiri ta kumapeto kwa dzinja, chifukwa nthawi zambiri timeneto ndi maluwa. Dulani m'mamawa, muchotse masamba onse pomwepo koma musiye tizigwiriro take tatifupi, mukulunge m'nyuzipepala yonyowa, muike m'jumbo. Mezanitsani tsiku lomwelo. Zikavuta, sungani mufiriji, kumunsi kumene kumakhala ndiwo zamasamba, masiku ochepa okha.

4. Zida

Mpeni wakuthwa wometa cheya cha pamkono, kapena lezala latsopano. Sipiriti wopukutira mpeni, ndipo ngati mukuchoka pa mtengo wina kupita pa wina, viikani mpeniwo m'madzi osakaniza ndi Jik, muutsuke, muupukute. Timizere ta pulasitiki wofewa wotamuka, mulifupi ngati chala, todula ku pepala la buledi. Timapepala ta mafreezit, timatumba tija ta pulasitiki ta zakumwa zoziziritsa, totsuka bwino. Tepi yakuda ya amagetsi musaimate pa khungwa, chifukwa pomatula imachoka nalo.

5. Kumezanitsa kwenikweni

Apa ndi pamene ambiri amalemba mzere umodzi woti lumikizani ndi kumanga, ngati kuti n'kumanga mtolo wa nkhuni. Apanso ndi pamene ntchito yonse imafera, choncho ndichedwapo.

Musanakhudze mbande zanu, thyolani kanthambi kalikonse kauwisi, mukale khungwa ndi chikhadabo. Pakati pa khungwa ndi thupi loyera la mtengo mupeza kamnofu kopyapyala, konyowa, koterera. M'mabuku amakatcha cambium. Kamnofu kameneka ndi kokhako kamene kamatha kumera n'kulumikiza mabala awiri. Thupi loyera la m'kati silimerana ndi linzake, khungwa lakunja silimerananso. Choncho ntchito yonse ya kumezanitsa ndi imodzi, kukhudzitsa kamnofu ka kanthambi ndi kamnofu ka tsinde, n'kutisunga tili chikhudzirane, tosauma, kwa mwezi wathunthu. Mukamvetsa chimenechi, zotsalazo muziona nokha chifukwa chake.

Thirirani mbande dzulo lake. Gwirani ntchito pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo, pamalo opanda mphepo.

Dulani tsinde mopingasa pa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera padothi, pamalo pamene kunenepa kwake kukufanana ndi kwa kanthambi kanu. Masamba awiri kapena atatu a m'munsi asiyeni, azidyetsa mizu. Ikani mpeni pakatikati pa bala, mung'ambe kutsika masentimita 3. Musakankhe ndi mphamvu. Ugwedezeni mpeniwo pang'onopang'ono uku chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja linalo zitapana tsinde m'munsi mwa pamene mukufuna mng'aluwo uthere, apo ayi ung'ambika mpaka kumizu. Chala chisakhale kutsogolo kwa mpeni.

Tsopano kanthambi. Kafupikitseni katsale masentimita 6 mpaka 8, kali ndi timaso 2 kapena 3. Onetsetsani kumene kuli kumwamba, chifukwa kolowetsa chadodolido sikamera. Tizigwiriro ta masamba tija tikuthandizani, diso limakhala pamwamba pa chigwiriro. Kumunsi kwake songolani mbali ziwiri kuti kukhale ngati chilembo V chachitali, masentimita 3 ngati mng'alu uja. Mbali iliyonse idulidwe ndi kukoka kumodzi kwa mpeni, kuchokera pa phewa osati pa mkono wokha, kuti bala lisalale kuti see. Mukamapala pang'onopang'ono ngati mukusongola pensulo, balalo limakhala ndi mapiri ndi zigwa, ndipo m'zigwamo mumatsala mpweya mmene mnofu sukhudzana. Ligonekeni bala pa mpeni muone. Ngati pakati pakuoneka kuwala, dulaninso. Musaligwire ndi zala, ndipo musaliike pansi. Bala la peyala silichedwa kuda likakhala pamphepo, choncho kuyambira kusongola mpaka kulowetsa pasathe mphindi.

Tsegulani mng'alu ndi nsonga ya mpeni, mulowetse kanthambi mpaka bala lake litsale pang'ono chabe kubisika. Tsopano imani, muyang'ane. Ngati tsinde ndi kanthambi n'zonenepa mofanana, khungwa likumana mbali zonse ziwiri. Koma kawirikawiri tsinde limanenepa kuposa kanthambi, ndipo cholakwa chimene ndachiona kwa anthu ambiri ndi kuika kanthambi pakatikati kuti kaoneke bwino. Pakati palibe kamnofu kaja. Kakankhireni mbali imodzi mpaka khungwa lake lilingane ndi khungwa la tsinde, moti mukayendetsa chikhadabo musamve chitunda. Mbali inayo itsale ndi mpata, zilibe kanthu. Mbali imodzi yokumana bwino ndi yokwanira. Ngati khungwa la tsinde ndi lochindikala kuposa la kanthambi, kalowetseni m'kati pang'ono kwambiri, chifukwa zimene mukulinganiza ndi za pansi pa khungwa.

Panani ndi zala kuti pasasunthe, muyambe kukulunga pulasitiki kuchokera m'munsi mwa mng'alu kukwera m'mwamba, mzere uliwonse ukupsatira unzake ngati malata a denga, kuti madzi asalowe. Kokani kuti igwire nga, koma osafika pophwanya khungwa. Tsekaninso pamwamba pa tsinde, pamene kanthambi kalowera. Mukamaliza kumanga yang'ananinso mbali ija, chifukwa kanthambi kamakonda kuterereka nthawi yomanga. Ngati kasuntha, masulani muyambirenso. Pomaliza vekani kapepala ka freezit pamwamba pa kanthambi konse, mumange m'munsi mosathina. Kanthambiko kalibe mizu, ndipo mpaka mabala atamerana kakukhalira madzi amene kali nawo m'thupi. Kutentha kouma kwa Okutobala kungakaumitse pa tsiku limodzi. Kapepalako ndiko kamasunga chinyontho.

Langizo langa ndi lakuti musayambire pa mbande zimene mwazilera miyezi 6. Dulani nthambi za mabulosi kapena gwafa, mukhale pansi Loweruka lina, musongole ndi kulumikiza ka 20 kapena 30, mpaka dzanja lizolowere kukoka kumodzi kuja.

6. Masabata a kudikira

Ikani mbande pamthunzi wowala, monga pansi pa mtengo wina. Dzuwa likawomba pa kapepala kaja, m'kati mumatentha ngati mumphika. Thirirani pang'ono, chifukwa mbande yodulidwa mutu simwa madzi ambiri. Ndiye musazigwiregwire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene amamasula pakatha sabata kuti aone ngati zagwira amang'amba mnofu umene unayamba kumera.

Chizindikiro choyamba ndi tizigwiriro ta masamba tija. Tikasanduka tachikasu n'kugwa tokha mukatikhudza, kanthambi kali moyo. Tikauma n'kukanirira, kanthambi n'kuda kuyambira kunsonga, zakanika. Dulani m'munsi pang'ono muyesenso, kapena dikirani tsinde liphuke. Pakatha masabata 3 mpaka 5 timaso timatseguka. Masamba akayamba kukhudza kapepala, kabooleni kaye masiku awiri atatu kuti azolowere mpweya wakunja, kenako kachotseni madzulo.

Tsinde lidzayesetsa kutulutsa mphukira zakezake m'munsi mwa mfundo, pamene tsinde ndi kanthambi zalumikizana. Zibudulireni zikadali zazing'ono, sabata iliyonse. Mukazilekerera zimalanda chakudya chonse, kanthambi kamafa, ndipo patatha zaka mumapezeka mukulera mtengo wamba womwe uja. Pulasitiki yomangira imasuleni pakatha miyezi iwiri kapena itatu, poidula ndi lezala mosamala kumbali. Mukaiiwala imadya mtengo n'kuupotola pakhosi. Zikani kandodo pambali, mumangirirepo mphukira yatsopano, chifukwa mfundoyo imakhala yosalimba ndipo mbalame yotera kapena mphepo ingaithyole.

Amene mwasankha kugula mbande yomezanitsa kale, funani mfundo imeneyi. Pamakhala chipsera cha V kapena chotupa pang'ono, ndipo khungwa la m'munsi limasiyana ndi la m'mwamba. Mbande yosalala kuyambira pansi mpaka kunsonga ndi ya njere, ngakhale wogulitsa alumbire.

7. Kuwoka

Wokani mvula itakhazikika, m'Disembala kapena Januwale, masamba atsopano atakhwima. Dziko lino limakumbukira tsiku lobzala mitengo Loweruka loyamba la Disembala, ndipo kwathu ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, koma inu yang'anani mbande yanu. Ngati ikadali yofooka, ikhale m'chubu mpaka mvula ya chaka chamawa.

Kumbani dzenje lotambalala, masentimita 60 mbali zonse, la makona osati lozungulira losalala. Bwezeranimo dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa owola, mpaka pakhale kachulu kotalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo mtengo muuwoke pamwamba pa kachuluko. Tinazolowera kubzala m'beseni kuti madzi azikhalamo, koma kwa peyala beseni la m'Januwale ndi manda. Chubu chidulireni ndi lezala, osazula, chifukwa mizu ya peyala imathyoka msanga. Dothi lifike pamene linkafika m'chubu, mfundo ikhale pamwamba poonekera. Zitosi za nkhuku zaziwisi ndi feteleza wothira m'dzenje zimawotcha mizu.

8. Chisanu, dzuwa, madzi ndi tsache

M'Juni ndi Julayi, usiku wopanda mitambo, chisanu chimagwa m'malo otsika a mzinda uno mpaka udzu kuyera mbuu. Mtengo waukulu umapirira, koma wa chaka chimodzi kapena ziwiri ungafe mpaka pa mfundo. Umangireni kakhumbi ka udzu mbali zonse, kotseguka pang'ono kumpoto kumene dzuwa la dzinja limadzera, ndipo dothi likhale lonyowa pang'ono, chifukwa louma limazizira kwambiri. M'Okutobala vuto ndi dzuwa, limene limawotcha khungwa lobiriwira. Pakani thunthu laimu kapena penti yoyera ya madzi yosungunula.

Madzi ndi ovuta m'madera athu ambiri, ndikudziwa. Ndowa imodzi ya malita 20 kawiri pa sabata m'chilimwe imasunga mtengo waung'ono, ndipo kuthira kwambiri kamodzi kumaposa kuwaza tsiku lililonse. Madzi otsukira mbale opanda mafuta ambiri kapena otsukuluzira zovala komaliza angathandize, koma a sopo waufa wochapira ayi. Peyala limadana ndi mchere, ndipo mudzaona nsonga za masamba zikupsa.

Tsopano nkhani ya tsache, amayi ndi achemwali mundimvetse. Tinaleredwa kuti bwalo la munthu waukhondo limaseseredwa mbee m'mawa uliwonse, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma mizu yodyera ya peyala ili pamwamba penipeni, pansi pa masamba ogwa. Kwawo kunkhalango imakhala yofunda masamba owola. Mukamasesa pansi pake n'kutentha masambawo, mizu imapsa ndi dzuwa, dothi limauma gwa. Sesani bwalo lonse, koma zinyalala za masambazo muzikazithira pansi pa mtengo, zochindikala ngati chikhatho, kusiya mpata pang'ono kuzungulira thunthu kuti lisaole ndiponso chiswe chisakwere. Musalimepo ndi khasu, musabzalepo chimanga kapena mbatata. Maluwa otuluka chaka choyamba achotseni kuti mtengo uyambe wakula.

9. Nanga mtengo wakale uja wosabala?

Misomali siisintha mtundu wa mtengo. N'zoona kuti kuvulaza khungwa nthawi zina kumachititsa mtengo wokhwima kuchita maluwa, ndipo n'chifukwa chake ena amaikira umboni nkhwangwa ndi misomali, koma chipatso chamadzimadzi chidzakhalabe chamadzimadzi, ndipo mabalawo amalowetsa matenda. Musaudulenso n'kuutaya, chifukwa mizu ya zaka 9 ndi chuma. Usintheni mutu.

Chisanu chikatha, cha m'Ogasiti, dulani nthambi zikuluzikulu ziwiri kapena zitatu pa msinkhu wa pachifuwa, koma musiye nthambi imodzi ndi masamba ake kuti izidyetsa mizu. Pakani laimu thunthu lonse ndi zitsa zake tsiku lomwelo, chifukwa khungwa limene linazolowera mthunzi limapsa msanga. Pazitsapo padzaphuka mphukira zambiri. Sankhani zitatu kapena zinayi zamphamvu pa chitsa chilichonse, zina zonse muchotse. Zikanenepa ngati pensulo, mezanitsani iliyonse monga tafotokozera pa nambala 5, n'kuphimba ndi pepala lakhaki pamwamba pa kapulasitiki kuti pakhale mthunzi. Zimakula mwamphamvu kwambiri, choncho zimangirireni ku ndodo zolimba. Zikakhazikika, dulani nthambi munasiya ija. Mtengo wotere ungabale patatha zaka 2 kapena 3.

Pa mtengo umodzi mungaike mitundu iwiri, ndipo pali phindu lake. Duwa la peyala limatseguka kawiri. La Hass limatseguka m'mawa lili lalikazi, n'kutseka, n'kudzatsegukanso masana a tsiku lotsatira lili lalimuna. La Fuerte limayamba masana lili lalikazi, n'kukhala lalimuna m'mawa mwake. Zikakhala pamodzi, mungu wa wina umapezeka nthawi imene mnzake akuufuna. Fuerte amakhwimanso msanga kuposa Hass, ndiye mumadya miyezi yambiri. Onyamula munguwo ndi njuchi ndi ntchentche zina, choncho musapopere mankhwala mtengo uli ndi maluwa. Ndipo maluwa ndi tizipatso tambiri tikamayoyoka musadandaule, peyala limachita maluwa ochuluka zedi koma limasunga ochepa.

Dzanja likazolowera, njira yomweyi imagwira pa mango, amene kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Mango athu aang'ono aulusi njere yake imatulutsa mphukira zingapo, ndipo zambiri mwa izo zimafanana ndi mayi wake, n'chifukwa chake makolo ankangobzala njere. Koma Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, amene anachokera ku Florida, amafuna kumezanitsa, ndipo tsinde labwino ndi la mango aulusi omwewo. Pa mango, budulani masamba a kanthambi kakadali mumtengo, sabata imodzi musanakadule, kuti timaso titupe. Malalanje ndi manachesi amaikidwa pa tsinde la mandimu okhakhala aja, ngakhale kuti pamenepo ambiri amaika diso limodzi m'malo mwa kanthambi. Masuku, amene kuno amati mazhanje, ali ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi payokhapayokha, choncho wofesa njere angalere mtengo zaka zambiri n'kupeza kuti ndi waumuna. Papaya nayenso ali choncho, koma iye samezanitsidwa pakhomo, mumangobzala atatu pa phando n'kuzula aamuna akaonetsa maluwa awo a mapesi ataliatali.

10. Kuthyola

Peyala silipsa lili mumtengo, ndiye musadikire kuti lifewe kumeneko. Khungu likasiya kunyezimira, thyolani limodzi lalikulu, muliike m'nyumba. Likafewa pasanathe masiku 7 mpaka 10, osakwinyika, ndipo kakhungu ka njere kali kofiirira kopyapyala, ndiye kuti akhwima. Likakwinyika n'kukhala ngati mphira, dikirani masabata ena atatu muyesenso. Pothyola dulani ndi kachigwiriro kake kakafupi, chifukwa lozula limayamba kuola pa bowo. Thyolani okwanira kudya sabata imeneyo, otsalawo asungike mumtengo momwemo, ndipo ofuna kuti apse msanga muwaike m'pepala limodzi ndi nthochi yakupsa.